Michiru sakutha ndi nkhwangwa yokha

Phiri la Michiru likutha tikuona. Amene anakulira ku Chilomoni akukumbuka kuti phirili linkaoneka bii ndi mitengo, koma lero mbali zambiri ndi zitsa, nthaka yofiira ndi utsi wa mauvuni a makala. Akuluakulu a boma akafunsidwa, yankho lawo ndi limodzi: olakwa ndi ootcha makala. Ine ndikukana. Nkhwangwa ili m'manja mwa mnyamata wa makala, inde, koma amene akuinola ali ku Capital Hill.

Mayi wa ku Sigerege kapena ku Nthukwa sagula kajumbo ka makala chifukwa chokonda utsi. Mayunitsi ndi okwera mtengo, ndipo ngakhale adzimane awagule, magetsi amathima nyemba zisanafewe. Ambiri alibiretu ndi waya womwe: kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi. Magetsi ochepawonso ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima kupitirira chaka. Mu 2017 anagawa ESCOM pawiri n'kubadwa EGENCO. Maofesi anachuluka, mabwana anachuluka, koma mbaula sinachoke pakhonde. Za damu la magetsi la ku Mpatamanga takhala tikuzimva kuyambira kalekale.

Ndiye boma linachita chiyani? Linakhwimitsa lamulo la zankhalango, zilango zinakwera, matumba ndi njinga zikulandidwa m'misewu. Koma lamulo siliphika nsima. Ukaletsa makala usanatsitse mtengo wa gasi ndi magetsi, chimene wachita n'kukweza mtengo wa thumba ndi kunenepetsa ziphuphu pamalodibuloko. Silinda ya gasi ndi chitofu chake mlonda kapena mayi wa mandasi sangaifike pokhapokha patakhala ngongole yobweza pang'onopang'ono. Nanga bwanji ndalama za okhometsa msonkho sizipita kumeneko?

Pajatu msonkho anthu a kuno amapereka, asatinamize. Wapantchito amadulidwa malipiro asanawaone. Wosagwira ntchito amalipira VAT akagula katundu m'sitolo. Wokwera minibasi amalipira timisonkho tobisika mumtengo wa mafuta, kuphatikizapo ka misewu ndi ka magetsi a kumidzi. Wamalonda amadula tikiti ya khonsolo tsiku ndi tsiku, malonda ayende asayende. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anauzidwa kumanga lamba ndi anthu omwewa, pomwe aphungu akulowetsa magalimoto popanda msonkho. Boma likafuna ndalama, limadziwa khomo lililonse la ku Chilomoni. Tikafuna kulumikizidwa magetsi, akuti dera lathu silili pamapu.

Nkhani ya nyumba ndiye yochititsa manyazi. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964, koma nyumba zake sizinakwanirepo ngakhale kagawo kakang'ono ka anthu a m'tauni. Wotopa ndi lendi amapita kwa amfumu, n'kugula kamalo pamtsetse pomwe ndalama zake zafika. Amaumba njerwa, n'kuziotcha ndi nkhuni za m'phiri lomwe lili pamwamba pa denga lake. Kenako khonsolo imabwera ndi kalata yoti wamanga posaloledwa, osamuuza pololedwa ndi pati. Mu Malichi 2023, Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ku Chilobwe matope ndi miyala ya m'phiri la Soche zinakwirira mabanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Michiru wopanda mitengo sadzachita chisoni chifukwa choti paphiripo pali Njira ya Mtanda.

Mdima womwewu ukukhudzanso chitetezo, ndiye za mfuti nazo tizikambe mosapita m'mbali. M'makwalala amdima a kuno, chimene anthu amaopa kwambiri ndi chikwanje, n'chifukwa chake amasonkherana ndalama zolipira anyamata olondera usiku, msonkho winanso umene boma siliwerenga. Mfuti zimene zinagwedeza dziko sizinali za mbava za m'makwalala. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, anthu pafupifupi 20 anafa apolisi atawombera. Mu Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pageti pake ku Lilongwe, ndipo apo ndi pomwe Cashgate inaululika, kubedwa kwa ndalama za boma zokwana K24 biliyoni. Zipolopolo zinalondola ndalama za misonkho yathu. Amene akufuna kuthana ndi mfuti ayambe kutseka mabowo a ku Treasury.

Phungu wa dera lino ndi makhansala ake atiuze poyera, ndi manambala, zinthu zitatu bajeti isanadutse: ndalama zingati zothandiza mabanja kugula gasi ndi kulumikiza magetsi, maploti angati pamalo otetezeka okhala ndi madzi ndi msewu, ndi nyali zingati m'misewu ya m'makomo. Akatiyankha zimenezo, ndiye atumize asilikali a zankhalango, tidzawathandiza tokha kulondera phiri. Akalephera, asabwere ndi mbande za mitengo ndi makamera m'nyengo ya dzinja. Tadzala zokwanira.