Musamuimbe Mlandu Ortega

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina anaimirira nanena kuti Damián Ortega ndi mwana wopanda mwambo, chifukwa watenga maloto a akuluakulu a kwao nawaumba ndi mapepala a kudzala. Ambiri munaomba m'manja. Ine sindinaombe, ndipo pano ndifuna kunena chifukwa chake.

Tiyambe tawadziŵa akuluakuluwo. Mu Disembala 1921, mnyamata wina, Manuel Maples Arce, anamata chikalata chake, Actual No. 1, pa makoma a mu Mexico City. Gulu la Estridentismo linabadwira pomwepo. Iye, Germán List Arzubide, Arqueles Vela ndi wosema ziboliboli Germán Cueto ananyansidwa ndi ndakatulo za mwezi ndi maluŵa. Iwo ankafuna wailesi, mawaya a lamya, ndege, utsi wa mafakitale. Mpaka apa ndili nawo limodzi. Nafenso ndakatulo za mwezi zatikola.

Tsono mu 1925 anapita ku Xalapa, kumene bwanamkubwa wa Veracruz, Heriberto Jara, anapatsa Maples Arce udindo m'boma. Kumeneko anatulutsa magazini ya Horizonte, ndipo tauniyo anaitcha Estridentópolis. Ramón Alva de la Canal anajambula nsanja zazitali za mzindawo. Koma kodi nsanjazo zinamangidwa? Iai. Xalapa inakhalabe tauni ya nkhungu ndi khofi. Jara atachotsedwa pa mpando mu 1927, gululo linabalalika chaka chomwecho. Mzinda wao unali wa papepala, ndipo pepalalo ankalipira ndi bwanamkubwa.

Nanga Ortega walakwanji? Mu 2019 anatenga dzina lomwelo la Estridentópolis, naumba nyumba zosanja zotchuka za dziko lapansi ndi mapepala a matumba a simenti, naziika mitu ya nyama. Mnzathuyo akuti kumeneku n'kunyoza. Ine ndikuti Ortega waŵerenga akuluakuluwo bwino kuposa owatamanda. Thumba la simenti ndi chimene chimatsala nyumba ikatha, ndipo amene amalidziŵa kulemera kwake ndi wolisenza, munthu amene sadzagonamo m'nyumbamo. Maples Arce mu Urbe (1924) anaimbira antchito a mu mzinda. Ortega watenga chinthu chochokera m'manja mwao n'kuchiimika m'nyumba ya zionetsero. Ndipo mitu ya nyamayo si yachilendo kwa gululi: Cueto mwiniwake ankaumba zigoba za nkhope za anzake, zopotoka, zoseketsa. Anthu amene anayamba ndi kutukwana akuluakulu ao pa makoma sangafune kuti zidzukulu ziwagwadire.

Chimene chandipweteka ndi ichi: mnzathuyo ankateteza Maples Arce, koma dzina la Jara sanalitchule ngakhale kamodzi. Ife amene magazini yathu imadalira makina ndi inki za eni ake, dzina limenelo ndi limene tinayenera kukambirana usiku uja. Ndikupempha wapampando alibwezere pa ndandanda ya msonkhano ukubwerawu.