GALIMOTO YA KAMPANI SI YA CIPANI

Nyengo ya masankho ikayandikira, mabwana a makampani a Boma mu mzinda wa Lusaka amakumana ndi ciyeso cacikulu. Galimoto zili pabwalo, mafuta ali mu thanki, makina osindikizira mapepala ali mu ofesi, ndipo anchito ali pamenepo kudikira lamulo. Wandale akagogoda pa citseko ca ofesi ya mu Cairo Road ndi kupempha galimoto ya masiku atatu yopitira ku Petauke kapena ku Lundazi, bwana wamantha amapereka makiyi. Membala aliyense wa Cipani kumudzi ayenera kudziwa kuti kucita motero ndi kuba, ngakhale galimotoyo itafika pamudzi itavekedwa nsalu za Cipani cake comwe.

Makampani amenewa ali ndi eni ake. Pa 19 April 1968, ku Mulungushi, Mtsogoleri Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu a malonda. Mu August 1969, ku Matero, analengeza zomwezo za migodi ya mkuwa. Cuma cimeneci cinasungidwa pansi pa INDECO ndi ZIMCO m'dzina la anthu onse a Zambia, kuyambira wogwira nchito mu mgodi kufikira mlimi wa nshawa ku Chadiza. Mu 2014 Boma linakhazikitsa bungwe la IDC kuti lisunge magawo a Boma m'makampani monga ZESCO, ZAMTEL ndi Zambia Railways. Maina a mabungwe asintha, koma eni ake akali omwewo, anthu wamba.

M'nthawi ya Cipani cimodzi, imene inayamba mu December 1972, panaikidwa Malamulo a Utsogoleri amene anakhudza atsogoleri a Cipani, a Boma ndi akuluakulu a makampani a Boma. Mtsogoleri sanaloledwe kuyendetsa malonda akeake, kumanga nyumba zolandirira lendi, kapena kulandira malipiro awiri. Ciphunzitso cake cinali ca Umunthu, cakuti munthu asadyere mnzake masuku pamutu pogwiritsa nchito mpando. Ciphunzitsoco cinali cabwino, koma apamwamba ambiri anacizemba. M'malo a nchito munakhazikitsidwa makomiti a Cipani, ndipo malire a pakati pa thumba la kampani ndi zofuna za ndale anafufutika. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 ndi ngongole zitaculuka, makampani ambiri analibe mphamvu zodziimira. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, ndipo UBZ ndi ZIMCO zinatsatira mu 1995. Amene analira kwambiri anali madalaivala, makalaliki ndi amisiri amene anabwerera kunyumba opanda nchito, pamodzi ndi anthu a kumidzi amene anasowa basi.

Lamulo la lero silibisa mau. Malamulo a khalidwe la pa masankho, amene ali mu lamulo la masankho la 2016, amaletsa kugwiritsa nchito galimoto kapena zipangizo za Boma ndi za makampani a Boma pokopa anthu. Opatulidwa ndi awiri okha, Mtsogoleri wa dziko ndi waciwiri wake, cifukwa ca maudindo ao. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amanena kuti wanchito wa Boma wofuna kuima pa masankho ayenera kutula pansi nchito. Ndipo mu August 2016 Bwalo loona za Malamulo aakulu linagamula kuti nduna zimene zinakhalabe pa mipando Nyumba ya Malamulo itatsekedwa zibweze malipiro amene zinalandira. Ngati nduna inauzidwa kubweza, manejala wa kampani sangadziyese woposa lamulo.

Alipo ena amene amati mbuzi imadya pamene yamangidwa. Amati Cipani ndico cinabala Boma, Boma ndilo mwini kampani, motero galimoto ya kampani ndi ya Cipani. Maganizo amenewa ndi opotoka. Amai a ku Katete akamagaitsa cimanga pa cigayo ca magetsi, safunsidwa khadi la Cipani. Onse amalipira mtengo umodzi, osankha Cipani ndi osacisankha omwe. Mafuta amene atha pa ulendo wa msonkhano wa ndale ndi omwe akanafikitsa amisiri pa mtengo wa magetsi umene wagwa pafupi ndi cipatala. Anthu amene anapirira mdima wa maola ambiri m'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, safunika kuphunzitsidwa kufunika kwa ngwee iliyonse ya kampani ya magetsi. Wonena kuti cuma ca kampani ndi ca Cipani colamulira akumbukirenso kuti ulamuliro unasintha manja mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Lamuloli silimlanda wanchito ufulu wake. Kalaliki wokhala ku Kabwata kapena dalaivala wa ku Chelstone ali ndi voti ndi maganizo ake monga nzika ina iliyonse, ndipo lamulo la za nchito la 2019 limaletsa kusankha wanchito cifukwa ca maganizo ake a ndale. Cimene kampani ili ndi mphamvu yoletsa ndi ndale za m'nthawi ya nchito, m'yunifomu ya kampani, pa foni ndi pa mafuta a kampani. Mapanga awiri avumbwitsa. Koma cilungamo cimafuna kuti lamulo liyambire pamwamba. Ndi cinyengo kucotsa mesenjala nchito cifukwa wavala cisoti ca cipani cotsutsa pa Sondo, pamene bwana wokhala m'nyumba ya mpanda ku Woodlands kapena ku Kabulonga akusaina mafuta a ulendo wa kampeni ndi kukwezedwa pa nchito. Dalaivala amangopita kumene watumidwa. Woyamba kuyankha mlandu akhale amene anasaina pepala la ulendo.

Pa nkhaniyi mamembala a m'nthambi ndi m'zigawo za kumidzi ali ndi udindo waukulu, pakuti galimotozo zimathera ulendo wao pa mabwalo a midzi. Galimoto ya Boma imadziwika ndi nambala ya GRZ, ndipo ya kampani nthawi zambiri imakhala ndi cizindikiro pa citseko. Ikafika pa msonkhano wa kampeni itanyamula citenje ndi matumba a ufa, wapampando wa nthambi afunse mwini wake ndi amene analipira mafuta. Yankho likapanda kumveka, nambala ilembedwe ndi kuperekedwa ku komiti yothetsa mikangano ya masankho ya m'boma lao, kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Cipani colimba cimayenda ndi zopereka za mamembala ake, njinga zao ndi mapazi ao, ndipo membala woteteza cuma ca anthu ndiye wateteza dzina la Cipani cake.