Wojambula Si Mwini Ukwati

Munthu woima m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere tsiku Loweruka m'nyengo ya chilimwe sachedwa kuona mdipiti wa magalimoto ovekedwa nsalu ndi maluwa, akuliza mahutala pochokera ku Limbe kulowera ku Chichiri. Otsogola pa ulendo wotere kawirikawiri sakhala mkwati ndi mkwatibwi. Patsogolo pamayenda galimoto yotsekula kumbuyo, ndipo m'menemo mumakhala mnyamata atagwada, kamera ili paphewa, dzanja lina likukupiza kulamula oyendetsa kuti afulumire kapena achepetse liwiro. Ameneyu ndiye wojambula kanema. M'maukwati ambiri a mu Limbe ndi madera ozungulira, monga Kanjedza, Bangwe, Chiwembe ndi Chigumula, munthu ameneyu wasanduka mfumu ya tsikulo. Akati imani, onse aima. Akati bwererani mulowenso, mkwatibwi abwerera ndi kulowanso pakhomo pamene walowa kale. Khalidwe limeneli ndi loipa, koma mlandu wake suli pa wojambula yekha. Mbali yaikulu ili pa akwati eni ake, amene amapereka ukwati wawo m'manja mwa ena asanakhale pansi awiriwiri ndi kufunsana chimene akufuna.

Kale ukwati unali ndi mboni zake, ndipo mbonizo zinali ankhoswe. Pa chinkhoswe akuchimuna ankapereka tambala, akuchikazi msoti. Mnyamata ankalandira khasu ndi nkhwangwa, mtsikana lichero ndi mthiko. Ndipo mawu onse olankhulidwa tsikulo ankasungidwa m'mitu ya amalume a mbali zonse ziwiri. Mkangano ukabuka m'nyumba, ngakhale patapita zaka 20, anthu ankadziwa khomo lokagogoda. Lamulo la maukwati limene boma linakhazikitsa mu 2015 limavomereza ukwati wolembetsa ku boma, wa pachikhalidwe, wa kumpingo, ndiponso wa anthu amene akhalira limodzi mpaka kudziwika kuti ndi banja. Limafunanso kuti olowa m'banja akhale atakwanitsa zaka 18. Pa zonse zimene lamulolo limafuna, kanema palibepo.

Sikuti kanema ndi wachabe ayi. M'masiku amene Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa kukhala tauni imodzi, mu 1956, banja lopeza bwino linkakhutira ndi chithunzi chimodzi chopanda mtundu, chopachika pakhoma pafupi ndi kalendala. Pambuyo pake kunabwera matepi a vidiyo, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino itayamba mu 1999, anthu ambiri anagula makanema a m'nyumba ndi kuyamba kulakalaka kudzionera okha pagalasi. Matepi anatha, kunabwera ma DVD. Lero kuli mafoni ndi tindege tojambula tili m'mwamba. Mlongo amene ali ku Johannesburg kapena azakhali a ku Harare amatha kuona mwambo wonse osakwera basi, ndipo ana amene sanabadwe adzaona nkhope za agogo awo. Phindu limeneli ndi lenileni, ndipo n'chifukwa chake ntchito yotere siyenera kuperekedwa mwachisawawa.

Tsono kulakwa kumayambira ku komiti ya ukwati. Mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ya mu Limbe ndi mtsikana wophunzitsa ku Bangwe akangogwirizana tsiku, abale ndi abwenzi amapanga komiti, imene imakumana Lamulungu lililonse masana. Mutu umodzi susenza denga, inde, ndipo palibe angatsutse kuti kuthandizana n'kwabwino. Koma dengalo ndi la yani? Pakatha milungu itatu, wapampando wasankha holo, msungichuma wasankha ophika, ndipo wojambula wapezeka kale chifukwa ndi msuweni wa wina wa m'komitimo, kapena chifukwa anajambula ukwati wa munthu wotchuka umene ena anauona pa Facebook. Akwati amangouzidwa mtengo. Mtsikana ali ndi zake mumtima, mnyamata zakenso, koma aliyense amakazinena kwa abale a kwawo, ndipo abalewo amakakangana m'komiti m'malo mwa eni ake. Kodi anthu awiri olephera kugwirizana za ndalama zolipira wojambula wa tsiku limodzi adzagwirizana bwanji za lendi ya nyumba, za fizi ya ana, ndi za thumba la feteleza lotumiza kwa apongozi? Kukonzekera ukwati ndiyo ntchito yoyamba imene banja limagwirira pamodzi, ndipo ambiri amailemba ganyu kwa anthu ena.

Za ndalama n'zoyenera kuzinena poyera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makamera, mabatire ndi makompyuta okonzera kanema zonse zimachokera kunja, kotero mitengo ya ojambula inakwera pamodzi ndi ya shuga ndi mafuta ophikira. Ngakhale zili chomwecho, komiti zambiri zimafunabe makamera atatu, kandege, ndi kanema wamkulu woimika m'holo. Ndalama zikaperewera, mkwati amapita ku banki m'khonde kapena kwa okongoza katapila, akumadzitonthoza kuti perekaniperekani adzabweza zonse. Nthawi zina amabwezadi. Nthawi zina ndalama zotoledwa m'malichero zimangokwanira woimbitsa nyimbo ndi eni holo, ndipo banja latsopano limayamba mwezi wake woyamba likubisala m'nyumba poopa angongole.

Limafika tsiku lija. M'tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinatsirizidwa mu 1891, ndi m'tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Limbe, mibadwo yambiri yalumbira malumbiro a ukwati mpingo uli duu, ukumvetsera. Masiku ano m'matchalitchi ambiri mpingo umaona msana wa wojambula. Iye amaima pakati pa abusa ndi akwati, nyali yake ikuthobwa mkwatibwi m'maso, ndipo alipo ena olimba mtima amene amapempha kuti mphete ivekedwenso chifukwa poyamba sinaoneke bwino. Lumbiro lobwerezedwa pofuna kukondweretsa kamera lasanduka sewero. Mipingo imene imamuikira wojambula malo oimapo ndi kumuletsa kuyendayenda nthawi ya pemphero ikuchita bwino, koma akwati sanayenera kudikira kuti abusa ndiwo awatetezere ulemu wa ukwati wawo.

Akatuluka m'tchalitchi, gulu lonse la aperekezi limatengedwa kupita kokajambulitsa kumalo a udzu wobiriwira, ndipo kumeneko maola awiri kapena atatu amatha akwati akuyenda, kutembenuka, ndi kusekerera molamulidwa. Nthawi yonseyo m'holo muli anthu amene anadzuka tambala woyamba ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Phalombe, nakwera minibasi kudzatsikira ku depoti ya Limbe. Akhala pamipando m'mimba muli pululu, ndipo dzuwa likapendeka ayenera kunyamuka mwambo usanathe, kuopa kusowa zokwera. Ngakhale ana sapulumuka. Aphunzitsi a m'sukulu za m'maderawa amawadziwa bwino ana amene asankhidwa kuperekeza ukwati, chifukwa kwa mwezi wathunthu amawodzera m'kalasi, atachezera kuphunzira mavinidwe olowera m'holo kuti kanema adzakome.

Nanga pa zonsezi chimatuluka n'chiyani? Munthu akakhala pansi kuonera makanema a maukwati a masiku ano, amapeza kuti onse ndi amodzi. Amayamba ndi nsapato za mkwatibwi zili patebulo, kenaka mphete, kenaka keke, kenaka denga la holo lojambulidwa ndi kandege. Perekaniperekani amatenga theka la nthawi yonse, kamera ikutsata manja amene akuponya ma K5,000 ndi kulambalala mayi wa kumudzi amene wamasula K200 pamfundo ya chitenje chake. Agogo a mkwatibwi, amene anamlera amayi ake atamwalira, amaoneka kamodzi kokha, chapatali, mutu wa munthu wina utawaphimba. Ndipo pamene ankhoswe aimirira kupereka malangizo, milomo yawo imaoneka ikugwedezeka koma mawu palibe, chifukwa wokonza kanema waikapo nyimbo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndipo pali kutaya kwakukulu. Pakatha zaka 10, palibe amene amatsekula kanema wa ukwati kuti aone keke. Anthu amafunafuna amene anatisiya: bambo akupereka mwana wawo, amalume akutsokomola asanayambe kulankhula, agogo akululutira. Mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kuyamba asungidwa. Wojambula amene sanabwere ndi kamaikolofoni komata pakolala ya mkwati, kapena amene sanalumikize chojambulira mawu ku zokuzira mawu za m'tchalitchi, adzabweretsa phokoso lokhalokha, pakuti matchalitchi a njerwa ndi maholo a malata amabweza mawu. Ndiponso nyimbo zimene amaphimbira nazo malangizo a akulu zili ndi eni ake. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limaziteteza, bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuyang'anira zimenezi, ndipo Facebook ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu a kanema amene muli nyimbo ya mwini wake. Motero banja limatsala ndi zithunzi zoyenda zopanda nyimbo ndi zopanda malangizo omwe.

Akwati anzeru akadayamba ndi madzulo amodzi, ali awiri, pepala lili patsogolo, komiti isanakumane n'komwe. Akadalemba ndalama zimene ali nazo m'manja, osawerengera zolonjezedwa, ndiponso maina a anthu amene nkhope zawo ndi mawu awo sayenera kusowa m'kanemayo. Akatero ndipo angapite kukafuna wojambula. Tizidutswa ta mphindi imodzi timene ojambula amaika pa WhatsApp sitisonyeza kanthu, pakuti ngakhale wophunzira ntchito angasankhe mphindi imodzi yokongola pa tsiku lathunthu. Choyenera ndicho kupempha kanema wathunthu wa ukwati umodzi, kufika pa malumbiro, ndi kutsinzina. Ngati mawu a abusa ndi a akwati akumveka munthu atatsinzina, wojambulayo amaidziwa ntchito yake. Kulinso kwabwino kulankhula ndi banja limene analijambula chaka chatha ndi kulifunsa kuti kanema wawo anamulandira patapita nthawi yotani. Funso lina limene ambiri amachita nalo manyazi ndi lakuti, kodi adzabwera ndani? M'nyengo ya maukwati alipo ojambula amene amalandira maukwati atatu Loweruka limodzi, iwo n'kupita kwa olipira kwambiri, kwina n'kutumizako mnyamata wongoyamba kumene. Za mabatire oonjezera, pokumbukira kuzima kwa magetsi, n'zosachita kunena.

Zogwirizanazo zilembedwe. Anthu ambiri amaona ngati kulembera munthu pepala n'kumuyesa wakuba, chonsecho pepalalo limateteza mbali zonse ziwiri. Ojambula ambiri ndi anthu okhulupirika amene anagula zipangizo zawo movutikira, ndipo nawonso ali ndi madandaulo awo: amagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku osapatsidwa ngakhale mbale ya mpunga, kenaka n'kumayenda miyezi akulondola ndalama zawo kwa komiti imene inabalalika tsiku la ukwati lomwelo. Pepala linene mtengo, ndalama zoperekeratu ndi zotsala, maola a ntchito, tsiku lopereka kanema, ndiponso kuti malumbiro ndi malangizo a ankhoswe adzasiyidwa athunthu, opanda nyimbo pamwamba. Linenenso ngati wojambula ali ndi chilolezo choika ukwatiwo pa intaneti potsatsa malonda ake, pakuti alipo akwati amene anaona misozi yawo ikuonedwa ndi tauni yonse iwo eni asanalandire kanthu. Ndipo popeza wojambula ndi mlendo wosadziwa kuti mwini mbumba ndi uti pakati pa anthu 300, m'bale mmodzi wodziwa mbali zonse apatsidwe ntchito yoyenda naye ndi kumamulozera.

Chatsala ndi kasungidwe. Mabanja ambiri amene anakwatirana m'zaka za m'ma 1990 ali ndi tepi m'kabati imene inachita nkhungu ndi chinyontho cha dzinja ndi cha chiperoni, ndipo ngakhale ikadakhala yabwino, makina oonetsera matepi akusowa. Ma DVD anakalika, ndipo makompyuta ambiri atsopano alibe polowetsa chimbale. Ka fulashi kamene wojambula amapereka lero ndi kakang'ono ngati chala, kosachedwa kutayika posamuka nyumba ya lendi, ndipo kanema wotumizidwa pa WhatsApp amafika atachepetsedwa, nkhope zitasanduka mbuu. Wojambula mwini sasunga ntchito yakale mpaka kalekale, chifukwa malo a m'kompyuta yake amafunika pa ukwati wa Loweruka lotsatira. Kanemayo akoperedwe pawiri kapena patatu sabata yomweyo imene walandiridwa, ndipo zithunzi zingapo zitsukidwe papepala monga kale. Imodzi ikhale m'nyumba ya akwati, ina ikasungidwe kwa nkhoswe ya kuchikazi, ina kwa ya kuchimuna, m'sutikesi momwe amasungamo makalata a munda ndi ziphaso za ubatizo.