Sikiripiti yoikira pulogalamu yomwe ingagwire pa makina aliwonse

Sikiripiti yoikira pulogalamu ndi kafayilo ka malamulo olembedwa mzere ndi mzere. Ntchito yake ndi kukoka pulogalamu pa intaneti, kuiika pamalo pake mu kompyuta, n'kuuza mwini makina kuti zatheka. Yomwe imawerenga malamulowo ndi pulogalamu ina yotchedwa shell. Zida zambiri zomwe munthu amazilamula polemba mawu, osati podina zithunzi, zimafika kwa anthu kudzera m'kafayilo kotere. Vuto limayamba pomwe wolemba ayesera pa kompyuta yake yokha, n'kumaganiza kuti makina onse ndi apachibale ndi akewo.

Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa wa anthu othawa kwawo womwe unatsegulidwa mu 1994, achinyamata akhala akuphunzira kulemba mapulogalamu ku TakenoLAB, malo omwe anayambitsa Remy Gakwaya wa ku Burundi. Mu 2017 Microsoft ndi UNHCR anakhazikitsakonso malo ena ophunzirira otchedwa AppFactory. Wophunzira wa kumalo otere, kaya mphunzitsi wa ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo, sachita kusankha makina. Amagwiritsa ntchito zomwe zapezeka: laputopu yapakaunjika, foni ya Android, mwina ka Raspberry Pi. Intaneti yake ndi ya bandulo, netiweki imadalira mbali ya phiri yomwe munthu waima, magetsi nawo amathima osatsanzika. Sikiripiti yomwe yagwira ntchito kumeneko ndiye yakhwima.

Nkhani imayambira pa mzere woyamba, pomwe ambiri amalemba #!/bin/sh. Dzina lakuti sh ndi limodzi, koma oitanidwa nalo ndi ambiri. Shell ya Stephen Bourne inatuluka mu 1979, bash ya Brian Fox inabwera mu 1989 ndi zoonjezera zake, ndipo mu 1992 muyezo wa POSIX unakhazikitsa malamulo omwe shell iliyonse iyenera kumva. Kuyambira mu 2006, ku Ubuntu dzinali limaitana dash osati bash, ndipo Debian inatsatira mu 2011. Ku Alpine limaitana ya BusyBox. Makompyuta a Apple akadali ndi bash 3.2 yakalekale, ndipo mu 2019 Apple inasankha zsh kuti ikhale yolandira munthu akangoyatsa. Wolemba yemwe waika sh pamwamba koma pansi n'kulemba chiyankhulo cha bash, ali ngati wolalikira m'Chitumbuka pa msika wa ku Mponela: ena atolapo mawu, ambiri angomuyang'ana.

Mankhwala ake ndi kudzimana. Malamulo a POSIX okha ndi okwanira: printf m'malo mwa echo -e, kadontho m'malo mwa source, chizindikiro = chimodzi poyerekeza mawu osati ziwiri. Timapulogalamu tothandizira natonso timasiyana khalidwe. Lamulo la sed -i limachita zina pa Linux, zina pa Mac, choncho ndi bwino kulemba zotsatira mu fayilo ina n'kuisuntha pambuyo pake.

Safunsa anadya phula. Sikiripiti yabwino imayamba yafunsa makinawo kuti ndi otani. Lamulo la uname -s limanena mtundu wa dongosolo, uname -m limanena mtundu wa purosesa. Mayankho ake amafuna kusamala, poti purosesa yomwe Linux imaitchula aarch64, Mac imaitchula arm64. Pa Raspberry Pi pali msampha wina: makina atha kuyankha kuti aarch64 pomwe mapulogalamu ake onse ndi a mabiti 32, ndipo chomwe chimaulula zoona ndi getconf LONG_BIT. Pulogalamu yomangidwira laibulale ya glibc nayo siyenda pa Alpine, yomwe imagwiritsa ntchito musl. Ngakhale chida chokokera mafayilo chiyenera kufunsidwa ndi command -v, popeza makina ena ali ndi curl, ena wget, ena alibe chilichonse. Makina akakhala osadziwika, sikiripiti iime ndi kunena momveka zomwe yapeza, kusiyana ndi kuika chinthu cholakwika mwakachetechete.

Gawo lomwe olemba a m'mizinda ikuluikulu amalinyozera, koma lofunika kwambiri kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndi la kudukiza. Zida zambiri zimauza munthu kuti akoke sikiripiti ndi curl n'kuithira molunjika mu sh. Shell imayamba kuchita malamulo fayilo isanafike yonse. Netiweki ikaduka pakati, kapena bandulo ikatha, theka lomwe lafika limachitika, ndipo mzere wodukawo utha kukhala ndi tanthauzo lina. Lamulo lofufuta kafoda kamodzi ka m'kati likadukira pakati pa dzina, litha kufufuta foda yaikulu yonse. Njira yopewera ngoziyi ndi yapafupi mpaka zimadabwitsa kuti ena amaisiya: malamulo onse amakulungidwa mu fankishoni imodzi, ndipo fankishoniyo imaitanidwa pa mzere wotsiriza. Mzerewo ukapanda kufika, palibe chomwe chimachitika.

Pulogalamu yokokedwayo iyambe yatera mu foda yongoyembekezera. Kenaka itsimikizidwe kuti yafika yathunthu poyerekeza nambala yake ya SHA-256, pogwiritsa ntchito sha256sum kapena shasum -a 256, malinga ndi chomwe chilipo. Ikapambana m'pamene isunthidwe kulowa m'malo mwa yakale. Motero magetsi akathima pakati, munthu amatsala ndi pulogalamu yakale yogwira ntchito, osati chiduswa. Akayambiranso, sikiripiti izindikire zomwe inachita kale, ndipo curl -C - kapena wget -c ipitirize kukoka pomwe inalekeza. Kukoka fayilo imodzi katatu ndi ndalama zenizeni kwa yemwe amagula bandulo ya tsiku limodzi.

Wotchi nayo imasokoneza. Ma Raspberry Pi ambiri alibe wotchi yosunga nthawi akazima, ndipo malaputopu okalamba batire yawo ya wotchi inatha kalekale. Tsiku likalakwika, ziphaso za intaneti zimakanidwa. Makina akale amasungabe ziphaso zotha ntchito, monga zinaonekera pa 30 Sepitembala 2021 pomwe chiphaso chachikulu chomwe Let's Encrypt inkadalira chinatha. Apa sikiripiti iuze munthu kuti aone tsiku. Kuzimitsa kuyendera ziphaso kuti zinthu zingodutsa ndi kutsegulira akuba chitseko.

Malo oikapo pulogalamu asatengedwe mwachizolowezi. Wophunzira pa kompyuta yogawana sakhala ndi mphamvu za sudo, ndipo mu Termux pa Android mafoda ali kwina. Foda ya .local/bin ya mwini wake ndi poyambira pabwino, bola pakhale njira yosankha pena. Pakhalenso njira yoikira kuchokera pa fulashi, kuti mmodzi akakoka ali ku Lilongwe kapena pa boma, kalasi yonse iikepo popanda intaneti. Fayilo yodutsa pa Windows itha kutenga tizizindikiro tobisika kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo shell imatikana.

Poyesa, ShellCheck ya Vidar Holen ndi checkbashisms ya Debian zimagwira zolakwa zambiri sikiripiti isanathamange. Zikatero imayendetsedwa pa dash, pa BusyBox ndi pa bash 3.2, kamodzi curl itachotsedwa, kamodzi tsiku litabwezedwa m'mbuyo, kenaka kamodzi netiweki itadulidwa dala fayilo ili pakati pobwera.