ZA CUMA CA PA MUDZI: Kadole ka mamiliyoni ndi phunziro kwa osema a ku Mambwe

M'mwezi wa August caka ca 2024, ku dziko la America kunagulitsidwa kadole ka pulasitiki kosakwana masentimita 10 m'litali pa mtengo wa madola 1,342,000. Pa mphamvu ya Kwacha ya caka cimeneco, ndalamazi zinali kupitirira K30 miliyoni, zokwanira kugula matumba a cimanga oposa 90,000 pa mtengo wa K330 umene bungwe la Food Reserve Agency linali kulipira alimi. Munthu wa ku mudzi pakumva zotere angayese kuti wogulayo anazungulira mutu. Koma malonda amenewa ali ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ali ndi phunziro kwa amisiri a m'boma la Mambwe amene amadya za manja ao pa kusema ziboliboli.

Kadoleko ndi cifanizo ca wankhondo wochedwa Boba Fett wa m'mafilimu a Star Wars. Kampani ya Kenner inakapanga mu 1979 monga citsanzo coyesera, kali ndi kamubvi kumsana kamene kanali kufwamphuka mwana akadina. Asanayambe kutigulitsa, eni kampani anaopa kuti ana angameze kamubviko ndi kutsamwa nako, popeza mwana wina anali atafa kale ndi coseweretsa ca mtundu wofanana ca kampani ina. Motero tidole ta mubvi wofwamphuka sitinafike m'sitolo, ndipo timene tilipo lero ndi tocepa tija timene anchito a pa kampaniyo anasunga. Kamodzi kanagulidwa pa madola 525,000 mu May 2024 ku Heritage Auctions, kumene ogula amapikisana mtengo monga acitira ndi fodya pa okushoni. Patangopita miyezi itatu, kena kanafika pa mtengo wachulidwa pamwambapa ku kampani ya Goldin. Tinzake ta masiku onse tinali kugulidwa madola awiri kapena atatu okha pamene tinayamba kuoneka m'masitolo mu 1978.

Zidole za mtundu umenewu zinayamba mu 1964, pamene kampani ya Hasbro inaturutsa msilikali wochedwa G.I. Joe, wotalika masentimita 30, wopinda manja ndi miyendo. Podziwa kuti anyamata sangalole kusewera ndi cinthu cochedwa cidole, eni ake anamupatsa dzina lacingerezi lakuti action figure. Ana amene anasewera nazo masiku amenewo tsopano ndi madoda a ndalama zao, ndipo ndiwo amene akulimbirana zotsala. Citsanzo coyamba ca G.I. Joe, copangidwa ndi manja, cinagulidwa madola 200,000 mu 2003. Masiku ano kuli makampani monga Hot Toys ya ku Hong Kong amene amapangira akuluakulu okha. Cidole cimodzi cimadza ndi zobvala zosokedwa, zida, ndi manja angapo osinthanitsa, ndipo mtengo wake ndi madola mazana angapo cikali catsopano.

Pulasitiki wa m'kadole kotere sangagule ngakhale mbale ya ndiwo. Cimene ogula amalipira ndi kusowa kwa cinthuco, kukwanira kwa zipangizo zake, ndi umboni wakuti ndi ceniceni. Nkhani ya kadole kena ka Star Wars kochedwa Jawa ikuonetsa bwino za zipangizo. Toyamba tinabvekedwa kamwinjiro ka pulasitiki, koma posacedwa kampani inasintha ndi kuika ka nsalu. Lero ka mwinjiro wa pulasitiki kamagulidwa madola zikwi zambiri, pamene ka nsalu ndi kochipa kutali, cikhalireco kadole ndi kamodzimodzi. Kamfuti kakatayika, kapena bokosi likang'ambika, mtengo umatsika kwambiri. Popeza onyenga amapanga timfuti ndi timinjiro tabodza, kuli bungwe lochedwa Action Figure Authority limene limapima cidole, kucipatsa malikisi osapitirira 100, ndi kucitsekera m'bokosi loonekera mkati pamodzi ndi cizindikiro cake. Ndi bwinonso kudziwa kuti zidole zambirimbiri zimene zinapangidwa m'mamiliyoni zilibe mtengo wotere. Munthu asataye ndalama za feteleza pa zidole za pa salaula poyembekeza kulemera nazo.

Ku Mambwe kulibe msika wa zidole za pulasitiki, koma kuli msika wa zifanizo. Malo osungirako nyama a South Luangwa, amene anakhala paki ya dziko mu 1972 ndipo ndi aakulu makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, amakoka alendo ocokera ku maiko akutali. Nchito yoonetsa alendo nyama m'cigwa muno inayamba mu 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'dziko la Akunda. Lero mlendo akatsika ndege pa Mfuwe amadutsa m'midzi pa ulendo wake wa ku cipata ca paki, ndipo m'mbali mwa mseu amapeza njobvu, mvuu, nyamalikiti ndi ng'ona zosemedwa, madengu, ndiponso magalimoto a mawaya. Ambiri mwa alendowa acokera ku maiko omwe aja kumene anthu amalipira zikwi za madola pa kadole kamodzi. Komabe pa Mfuwe amanenerera mtengo kufikira wosema atatsala ndi ya sopo yokha.

Mlandu suli pa mlendo yekha. Wosema akayala nyamalikiti khumi zofanana, mnzake wa pafupi nayenso khumi zofanana nazo, ndipo zonga zomwezo mlendo anaziona kale ku Kabwata mu Lusaka kapena ku Livingstone, palibe comukakamiza kugula pano. Adzagula kwa amene watsitsa koposa. Cinthu copezeka pali ponse cimapikisana pa kuchipa kokha. Pamene cigwa ca Luangwa cili ndi zake zosapezeka kwina. Nyamalikiti ya mtundu wa Thornicroft imakhala m'cigwa cino cokha pa dziko lonse lapansi, ndipo nyumbu ya mtundu wa Cookson kwao ndi konkuno. Mmisiri amene waphunzira maonekedwe a nyamazi ndi kuzisema mosamala, kapena amene wasema mlenje wacikunda, msodzi ali m'bwato, mai wosinja mpunga, kapena obvina a pa mwambo wa Malaila, ali ndi katundu amene mlendo sadzamupeza pa bwalo la ndege la dziko lina.

Za kukwanira kwa zipangizo zikhudzanso osema. Cifanizo ca mlenje cikhale ndi uta wake, mibvi ndi nkhwangwa, zosemedwa bwino ndi zomangidwa kuti zisatayike. Njobvu yothyoka nyanga ndi kumatidwa ndi guluu yatha mtengo, monga kadole kotaya mfuti. Mtengo wosemedwa ukali wauwisi umang'aluka ukafika m'nyumba zofunditsidwa za ku Ulaya, ndipo wofumbwa angaulande pa doko, makamaka ku Australia ndi New Zealand kumene amapima zamitengo zonse zolowa. Mlendo amaganizanso za cikwama cake, pakuti ndege zazing'ono zotera pa Mfuwe sizilola katundu wolemera. Cosema cacing'ono, cosalala, coima bwino pa thebulo ndi cokulungidwa mwaudongo cingapose pa mtengo cimphona ca njobvu cimene cinatha tsinde lathunthu.

Koposa zonse pali dzina. Ziboliboli zambiri za m'mbali mwa mseu zilibe cizindikiro ca mwini wake, kotero kuti zikacoka m'manja mwake zimasanduka za munthu wosadziwika. Ku Tengenenge m'dziko la Zimbabwe, kumene Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966, ambiri mwa oyamba anali anchito a m'minda ya fodya, ena mwa iwo Acewa ndi Ayao ocokera ku Malawi ndi Mozambique. Osemawo anazolowera kulemba maina ao pa miyala, ndipo nchito za ena, monga Henry Munyaradzi, zinaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya kunja ndi kugulidwa cifukwa ca dzinalo. Ku Mua m'dziko la Malawi, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976 anachuka pa cifukwa ca luso la osema ake. Kulemba dzina, mudzi ndi caka pansi pa cosema sikudya ndalama. Kapepala konena mtundu wa mtengo ndi tanthauzo la cifanizo kamacita nchito yomwe ija ya cizindikiro ca pa bokosi la kadole.

Umboni wakuti mbiri ya cinthu imagulitsa ulipo pa Mfuwe pomwe. Kampani ya Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, imagulitsa nsalu zojambulidwa ndi manja mpaka ku maiko akunja. Ya Mulberry Mongoose imapanga zibangiri ndi mikanda ya m'khosi kucokera ku mawaya a misampha imene asilikali a nyama amaonjola m'chire. Waya wotere pawokha ndi cinyalala, koma mlendo amaulipira bwino cifukwa wauzidwa kumene wacokera, ndiponso kuti gawo la ndalamazo lipita ku nchito yoteteza nyama.

Pochula mtengo, wosema ayenera kuyamba wawerenga zake. Mwacitsanzo, ngati cosema camutengera masiku anai, nacigulitsa K150, pamene K50 inapita ku mtengo, polishi ndi ulendo, ndiye kuti wagwira nchito ya K25 pa tsiku. Awerengenso kuti alendo amacuruka m'cilimwe, kuyambira June kufikira October, ndipo m'dzinja misasa yambiri imatsekedwa, kotero ndalama za miyezi yocepa ndizo zidyetsa banja caka conse. Caka ca 2020, pamene mliri wa korona unaimitsa maulendo, cinaonetsa kuti msika umenewu ungazime mwadzidzidzi. Mutu umodzi susenza denga: osema a dera limodzi akagwirizana pa mtengo wosatsikirapo, mlendo sangawayambanitse.

Kusema zocepa zabwino kumapulumutsanso nkhalango. Phingo amatenga zaka 70 kapena kuposa kuti akhwime, ndipo kuyambira January 2017 ali m'gulu la mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mlombwa ndi mupani nazonso sizikula msanga. Wodula mtengo wa malonda ayenera kukhala ndi cilolezo ca a Dipatimenti ya za Nkhalango. Za minyanga ya njobvu n'zosayamba n'komwe: malonda ake a pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo lamulo la nyama za m'chire la 2015 limapereka cilango ca ndende kwa wopezeka nayo popanda cilolezo.

Pali cenjezo linanso kwa mabanja. Zimene ogula a kunja amafunitsitsa, ndizo zakale, zosowa ndi za mbiri yodziwika, ndi zomwe zili m'nyumba za agogo: mipando ya makolo, ng'oma, nkhwangwa za ufumu, mikanda ndi zipangizo za miyambo. Wodzagula angachule ndalama zooneka zambiri pa mudzi, koma iye akudziwa kumene akapindulire nazo. Lamulo la 1989 la bungwe la National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zakale zopangidwa cisanafike caka ca 1924, ndipo siziloledwa kuturuka m'dziko popanda cilolezo ca bungwelo. Cigaza ca munthu wakale cimene cinapezeka ku Kabwe mu 1921 cikali ku London, ngakhale Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Banja lofikiridwa ndi wogula wotere liyambe lakaonana ndi anyakwawa kapena mfumu ya dera lao.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo ya alendo isanafike, wosema wa kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya kapena kwa Nsefu aumitse mitengo yake pa mthunzi, asankhe zifanizo za kwao, azitsirize mosathamanga, alembe dzina lake pansi pa ciri conse, ndipo mlendo akafunsa mtengo, auchule mosagwetsa nkhope.