Nambala ya lamya siikunenanso kumene munthu ali

Lamya ikalira nambala yake yoyamba ndi +1, ambiri mtima umadumpha. Mwina ndi mwana uja anapita ku Amereka, mwina ndi malume akufuna kutumiza kangachepe. Ena ochenjera pang'ono amathamangira pa intaneti kukafufuza manambala atatu otsatirawo. Akapeza kuti 574 ndi ya dera la South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe kumakhala a Malawi ambiri ndithu, basi mtima uli m'malo, ati ameneyu ndi wakwathu. Apa mpamene anthu akupusitsidwira.

Kale manambala atatuwa ankanena zoona. M'chaka cha 1947 kampani ya AT&T inagawa Amereka ndi Canada m'madera 86, dera lirilonse ndi nambala yake. Kagawidweko kankatsata kuchuluka kwa anthu. Lamya za nthawi imeneyo zinali zozunguza ndi chala, ndipo 1 kapena 2 sinkachedwa kubwerera monga 9 kapena 0. Tsono mizinda ikuluikulu inalandira manambala ofulumira kuimba: New York 212, Los Angeles 213, Chicago 312. Nambala yapakati nayo inali ndi tanthauzo. Ikakhala 0 ndiye kuti chigawo chonse chiri ndi nambala imodzi yokha, ikakhala 1 ndiye kuti chigawocho nchogawidwa pangapo. Munthu wodziwa ankangoyang'ana nambala nkukuuzani kumene woimbayo wakhala.

Mpaka lero chithunzi cha chiwerengero cha anthu chikuonekabe. Chigawo cha Wyoming, chomwe anthu ake sakwana 600,000, chikadali ndi 307 yomwe chinalandira mu 1947. California inayamba ndi manambala atatu, koma lero, ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, ili ndi manambala oposa 30. Lamulo loti nambala yapakati ikhale 0 kapena 1 linatha mu 1995 manambala atayamba kuperewera.

Koma chomwe chinapha tanthauzo lenileni la manambalawa ndi lamya za m'manja. Munthu amene anagula nambala ali pa sukulu ku Indiana akhoza kusamukira ku Texas nayo yomweyo, nkukhala nayo zaka makumi awiri. Kuyambira mu 2003 angathenso kusintha kampani ya lamya osataya nambala. Choncho 574 ikungokuuzani kumene nambalayo inabadwira. Za kumene mwini wake wagona usiku wathawu, iyo siikudziwa.

Ndiye kuli lamya zodutsa pa intaneti. Munthu ali dziko lina lirilonse akhoza kupeza nambala ya ku Amereka, ndipo akathyali ali ndi njira yoonetsa pa lamya yanu nambala imene iwo asankha, ngakhale ya munthu wosalakwa. A ku Amereka eni akewo zinawafika pakhosi. Mu 2019 anakhazikitsa lamulo lotchedwa TRACED Act, ndipo makampani akuluakulu a lamya anawalamula kuti pofika June 2021 akhale ndi njira yotsimikizira kuti nambala yooneka ndi yeniyeni. Zinathandiza pang'ono, koma njirayo anaikonzera lamya za kwawo konko. Inu a ku Ndirande kapena ku Mchesi musaidalire.

Chinanso chimene ambiri sadziwa nchakuti +1 si Amereka yekha ayi. Canada alinso momwemo, pamodzi ndi zilumba zambiri za ku Caribbean: 876 ndi Jamaica, 809 ndi Dominican Republic, 473 ndi Grenada. Pali chinyengo china chomwe dzina lake ndi wangiri, mawu a Chijapani otanthauza kuliza kamodzi nkudula. Amakufulashani, inu poganiza kuti ndi m'bale mukuimbanso, osadziwa kuti nambalayo ndi ya mtengo wapatali ndipo gawo la ndalamazo likupita m'thumba mwa wokuberaniyo. Mayunitsi aja mumasungira odwala kumudzi apita ngati madzi.

Nanga Truecaller, ena afunsa? Pulogalamu ya ku Sweden imeneyi maina ambiri imawatenga m'mabuku a manambala a anthu omwe amaigwiritsa ntchito. Ngati wina anakusungani kuti "Wamakala", mwina dziko lonse likukudziwani choncho. Wakuba naye akhoza kudzilemba yekha dzina laulemu. Imathandiza pamene anthu ambiri adandaulapo za nambala imodzi, koma si umboni.

Kuno kwathu bungwe la MACRA linalamula mu 2018 kuti nambala iriyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Mfundo inali yabwino, ngakhale mauthenga a "tumizani pa nambala iyi" sanathe. Komabe wakuberani ndi 088 kapena 099, apolisi ali ndi poyambira. Wa +1 mukamsaka kuti? Kaundula wa MACRA safika kumeneko.

Ine ndikuona kuti makampani athu a lamya, omwe amatitumizira mauthenga a malonda usana ndi usiku, angathe kumatichenjezanso m'Chichewa za manambala akunja ofulasha. Podikira zimenezo, nambala yachilendo ikafulasha isiyeni, wofuna inu aimbanso. Ndipo wina akati ndi mwana wanu ali pa mavuto ku Amereka, dulani, muimbe nambala imene mwanayo anakupatsani yekha.