Umphawi sufunsa kuti kwanu nkuti

Nthawi ya kampeni ikafika timamva nyimbo imodzimodzi: chigawo chakutichakuti ndicho chikudya chokha. Ife tikuti tiyeni tione bwino nkhaniyi, abale.

Nzoona kuti anthu opezako pang'ono, aja sali olemera komanso sagona ndi njala, anatulukira njira zosiyana m'zigawo zathu zitatu. Kumpoto chinawakweza ndi sukulu. Mishoni ya Livingstonia itakhazikika ku Khondowe mu 1894 inaphunzitsa aphunzitsi ndi makalaliki ambiri, koma ntchito anakazipeza ku Blantyre, ku Zomba ngakhale ku Joni, kumudzi kukutsala okalamba. Pakati, fodya ndi ntchito za boma ndizo zinatukula ena, makamaka likulu litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Kummwera kuli makampani ndi malonda a ku Limbe, koma ku Thyolo ndi ku Mulanje maesiteti a tiyi anatenga malo aakulu kuyambira nthawi ya thangata, ndipo mabanja ambiri amalima kamunda kosakwana ndi ekala yomwe.

Komabe phompho lalikulu silili pakati pa zigawo ayi. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/2020 anapeza kuti anthu pafupifupi 51 mwa 100 aliwonse anali osauka: kumidzi 57, m'tauni 19. Nanga m'tauni momwemo? Nyambadwe ndi Ndirande ndi oyandikana. Area 47 ndi Mtandire amangolekana ndi kamtsinje. Wina amathirira kapinga, mnzake akukanganirana madzi pa kiyosiki. Pamenepa chigawo chalakwanji?

Tisaiwalenso kuti opezako pang'onowa ali pamutu pa mpeni. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa geni wa ku Mzuzu ndi wa ku Limbe analira mofanana pokapikula katundu. Malipiro a mphunzitsi m'modzi amadyetsa ana a malemu, kulipira fizi ya mphwake ndi kugulira makolo feteleza.

Choncho ife tikupempha boma kuti ndalama za chitukuko zizipita komwe kuli umphawi, boma ndi boma, osati komwe kwachokera mavoti. Inu ochita malonda ndi ophunzira, wandale akadzayamba za "kwathu" ndi "kwanu", mufunseni za msewu wopita kumsika, ngongole ya mpamba ndi malo ku yunivesite. Akalephera kuyankha, musamuombere m'manja.